Lamba Watsopano

Zaka khumi ndi ziwiri Wang'oma akuimba m'gulu la jazi la Walipenga, wailesi sinamutchulepo olo kamodzi. Ndiye tangoganizani, chimbale chatsopano chitatuluka, otchulidwa anali akazi ake, atelala!

Zinayamba chonchi. Walipenga anabwera kudzafupikitsa thalauza, n'kumva makina a mayiwo akulira motsimphina: kwe-te-te, kwe… te. Lamba wa makinawo anali wakutha, wolumikiza ndi waya. Mawa lake anabweranso ndi chojambulira mawu. Chimbale chonse chinatuluka chopanda ng'oma: lipenga, gitala ndi makina osokera, basi. A pawailesi amvekere jazi wotere sanamvekepo, eti nyimbo yaphunzira kuyenda ndi mwendo umodzi.

Wang'oma mtima unkamuwotcha ngati wameza khala lamoto.

"Mwadzuka bwanji, akatswiri?" ankatero m'mawa.

"Tadzuka, kaya inu otimvera?"

Kutatsala tsiku limodzi kuti gulu likaimbe pamaso pa anthu, mayi ali kumsika, Wang'oma anaika lamba watsopano pamakina aja n'kuthira oilo paliponse. Eti kuthandiza!

Masana gulu linabwera kudzayeserera pakhonde. Mayi anaponda. Makina aja myaa, ngati mphaka woyenda pamatiresi.

"Wandiphera nyimbo ndani?" anakuwa Walipenga, manja ali kunkhongo.

Mayi anayang'ana zala za amuna awo, zili noninoni ndi oilo. Sanakalipe ayi.

"Bambo a kunyumba, paja mumadandaula kuti phokoso lija linakulowani m'mutu. Talitulutsani timve."

Wang'oma anatenga timitengo take n'kugogoda pampando: kwe-te-te, kwe… te. Ndendende! Walipenga mpaka kudumpha.

"Achimwene, mawa muli pang'oma!"

Malo ake anawapezanso, inde. Koma tsikulo mayi anakhala kutsogolo kwenikweni ndi makina awo osalira aja, akusoka diresi ya kasitomala. Iye kumbuyo, thukuta kamukamu, maso ali paphazi la akazi ake kuti asaphonye. Nyimbo zitatha, anthu anaimirira kuwombera m'manja atelala. Mtsikana wina wa panyuzipepala anamudutsa Wang'oma ngati mtengo, n'kukafunsa mayi kuti woimba ng'omayo anamuphunzitsa nthawi yaitali bwanji.

"Zaka khumi ndi ziwiri," anatero mayi, akudula ulusi ndi mano. "Ngochedwa kumva, koma akuyesetsa."