Mwala wa a Mchira

Zaka khumi ndi chimodzi amuna anga akukwera phiri lija, ine sindinapondeko. Loweruka loyamba la mwezi ankamanga nsapato zawo pakhomo la kukhitchini n'kundifunsa funso lomwelo: "Lero tipitire limodzi?" Ine ndinkayankha kuti munthu wanzeru amakwera phiri pokhapokha akuthawa madzi osefukira. Madzulo ankabwera ali mbuu ndi fumbi, n'kuyamba kusimba za pamwamba: chipilala chakale cha miyala, mphepo yolanda chipewa, dziko lonse litayalidwa pansi ngati mphasa. "Ngakhale denga lathu limaoneka," ankatero. Ndinkawauza kuti akasambe kaye, ndipo ngati denga analikonda chotero amalize kulipaka penti, poti analisiya theka lofiira, theka malata oyera, chaka chimene tinalowa m'nyumbamo.

Anamwalira m'dzinja, atangodwala masiku anayi. Nsapato zinatsala pakhomo pompaja, ine n'kumasesa mozilambalala. Mpando wawo ndinkaudziwa, kapu yawo yothyoka chogwirira ndinkaidziwa, koma malo amene ankawakonda kuposa onse sindinawaonepo. Zimenezo zinkandidya mumtima. Ndinkafuna kukaima pamene iwo ankaima, kamodzi kokha, ndione zimene ankaona.

Mvula itatha ndinapita kukakumana ndi gulu lawo m'munsi mwa phiri. Tinalipo anthu khumi ndi asanu ndi atatu. Wotsogolera anali mphunzitsi wopuma pantchito, wezulo ili m'khosi, ndipo ankatiyankhula ngati ana a sukulu obwera mochedwa.

"Lamulo ndi lija," anatero. "Ine patsogolo, mchira kumbuyo. Palibe woyenda kumbuyo kwa mchira, ndipo mchira susiya munthu. Amene dzuwa limufikira pamutu asanadutse mwala wachitatu, ulendo wake wathera pomwepo. Tim'peza potsika."

Ndinkadziwa kuti anzawo ankawatchula amuna anga kuti a Mchira, koma ndinkayesa kuti akuwaseka kayendedwe. Tsikulo ndi pamene ndinamva kuti inali ntchito. Tsopano inali m'manja mwa makaniko wina wamfupi, wa zikhadabo zakuda ndi oyilo, amene anandipatsa moni atagwira chipewa pamtima.

Njirayo anaisema amtengatenga kalekale, msewu kulibe, pamene mchere ndi makalata zinkaoloka phiri pamitu ya anthu. Masitepe ake ndi amiyala, odyeka pakati ndi mapazi a anthu amene anafa kale. Pali miyala itatu yafulati, yofika m'chiuno, pamene ankatulirapo katundu. Pamwala woyamba ndinali ndikuchezabe. Pofika wachiwiri, pachifuwa pankatentha, bondo lakumanzere likudandaula pa sitepe iliyonse, ndipo atsikana awiri amene ndinawaderera m'munsi muja anali atandipitirira akuimba. Kumbuyo kwanga ndinkangomva mapazi a makaniko uja, osafulumira, osatsalira. Sanandilimbikitse ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsa kuposa phirilo.

Kuchokera pamenepo njira imaima njo. Ndinakwera ndi manja ndi maondo, manyazi onse nditawasiya m'munsi. Nditagwira mwala wachitatu miyendo inakana. Ndinaikalipira, ndinaipempha, koma inkangonjenjemera. Chithunzithunzi changa chinali chitalowa pansi pa mapazi. Kumtunda wezulo inalira kamodzi, kenako kawiri chapatali, kenako zii.

"Pitani, bambo," ndinatero. "Sindine mwana. Ndikhala pano."

"Mchira susiya munthu, mayi." Anatsegula botolo la madzi n'kundipatsa.

Ndinalira pamaso pa munthu wachilendo, kulira kwa ukali. Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzaongola miyendo ayi. Ndinabwera kudzaima pamene amuna anga ankaima, ndipo ndalephera patatsala ola limodzi lokha. Chaka chamawa bondo ili silidzandilola n'komwe.

Makaniko anapukusa chipewa m'manja.

"Mayi, kunena zoona, mwafika kale."

Ndinamuyang'ana.

"Ulendo uliwonse pamakhala wina wogonja, ndipo ambiri amagonjera pano. Ine ulendo wanga woyamba ndinagwera pompano, ndikusanza. A Mchira anakhala nane maola atatu, akundikupiza ndi chipewa. Zaka zisanu ndi zitatu ndayenda nawo, pamwamba sindinawaonepo. Tsiku lina onse tinali amphamvu, tinkati lero akafika, koma mayi wina anabinya phazi pamwala wachiwiri."

"Nanga chipilala? Nanga mphepo ija?"

"Ankatifunsa potsika. 'Mphepo inali bwanji lero? Chipilala chidakalipo?' Ankati kunyumba akufuna kukasimba zokoma, mwina mayi tsiku lina angakopeke."

Ukali unandibwerera. Zaka zonsezo munthu ankandisimbira nkhani zobwereka, ine n'kumamukalipira za fumbi. Ndikanakonda akanakhalapo kuti ndiwafunse bwinobwino, manja ali m'chiuno. Ndinawasowa kwambiri pa nthawi imeneyo, kuposa tsiku la maliro.

"Ndiye kuti za denga nazonso zinali zabodza," ndinatero.

"Ayi. Pamwamba denga lanu silioneka, msana wa phiri umatchinga. Limaonekera pano pokha. Sunthirani kuno, mayi, pakona pamwalapa. Apa ndi pamene ankakhala."

Pakonapo panali posalala. Ndinakhalapo, iye n'kuloza ndi chala chakuda chija: thanki ya madzi, bwalo la mpira, kenako mzere wa nyumba zooneka ngati mabokosi a machesi. Zonse zinali zofanana, kupatula imodzi, theka lofiira, theka lonyezimira padzuwa.

"Tinkawaseka kuti penti inawathera," anatero makaniko. "Iwo ankati akalimaliza adzalizindikira bwanji."

Ndinayang'ana kadontho kaja mpaka maso anayamba kuwawa. Kumtunda kunamveka kuseka kwa anthu amene ankapitabe pamwamba, koma sindinatembenuke.

"Akakhala pano ankanena chiyani?" ndinafunsa.

"Sankanena zambiri. Ankamuonetsa wogonjayo, kuti aiwaleko zowawa. Ankati, 'Mwaona apo? Ndi pathu pamenepo. Mayi ali momwemo.'"

Ndinasisita mwala ndi chikhatho. Unali wofunda. Denga linali pomwe paja, theka lofiira, ndipo kiyi wa nyumbayo ankandibaya pantchafu m'thumba la siketi.