Mizere ya Kumsewu

Amuna anga ndi telala, ndipo vuto lonse linayambira pomwepo. Munthu amene wakalambira pa makina osokera amadziwa chinthu chimodzi, kuti nsalu yabwino imakhala kunja, yotchipa imabisala m'kati. Pa jekete zimenezo n'zoona. Koma anawanamiza ndani kuti munda ndi jekete?

Mundawo ndi wa bambo anga. Uli m'mbali mwa msewu, dothi lake lofiira, lomata. Chiwagwirireni matenda a mwendo, bambo sathanso kuyenda m'mizere, ndiye anatibwereka ife kuti tilime chaka chimodzi. Mawu awo anali ochepa. "Ndikaona chimanga, munda ndi wako. Ndikapanda kuchiona, ndimupatsa mlongo wakoyu achite nawo zimene akufuna." Zimene achimwene ankafuna tonse tinkazidziwa. Anali atagwirizana kale ndi mkulu wina woumba njerwa, munthu woti akalowa m'munda amasiya maenje okhaokha. Ine ndili ndi ana, ndipo kwina kolima ndilibe.

Feteleza tinali naye, ndisaname. Wokulitsa tinathira bwinobwino, chimanga chinamera mofanana munda wonse. Wobereketsanso akanakwana tikanatsata muyeso, kachitsekero ka botolo paphando lililonse. Tsiku lothira, chimanga chitafika m'mawondo, ine ndinali patsogolo kuboola timaenje ndi kamtengo. Nditacheuka ndinaona amuna anga ataima pamsewu, manja m'chiuno, diso limodzi atatsinzina monga amachitira poyeza buluku la kasitomala.

"Mayi a ana," anandiitana, "apongozi akamadutsa pano pa galimoto ya alamu anga, amaona mpaka pati?"

"Amaona munda."

"Ayi. Amaona mizere yakutsogoloyi basi. Ndi mwendo uja sangalowe m'katimo. Tikadyetsa bwino yakumsewuyi, nkhani yatha."

"Inu, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere."

"Nyerere sizioneka uli pa galimoto," anatero, n'kuseka okha.

Ndinawakaniza kwamtuwagalu, iwo n'kuvomera ndi pakamwa. Dzuwa litakwera anabwera kudzandiitana kuti mwana wamng'ono watentha thupi, ndipo ndinathamangira kunyumba. Pobwerera masana ndinapeza kachitsekero kali pansi, thumba lafota. Amuna anga anali atathira ndi chikhatho, chodzaza, mizere yonse yakumsewu. Zotsalira ndinawaza m'kati motsinatsina ngati mchere. Mizere yakumapeto sinalawe n'komwe. Ndinakalipa mpaka mawu anasasa, koma feteleza akalowa m'dothi satoleka.

Mvula inagwa bwino masabata otsatira, ndipo kumsewu kunachitika zodabwitsa. Chimanga chinabiriwira mpaka kuda, masamba otambalala, mapesi kupitirira mutu wa munthu. Anthu apanjinga ankatsika kuti aone. Lamlungu lililonse achimwene ankadutsa ndi bambo, ndipo bambo ankatsitsa galasi n'kugwedeza mutu.

"Apongozi, kodi singano mwaisiya?" anafunsa tsiku lina. "Ulimi wake ndi umenewu!"

Amuna anga anangoti mano mwee. Achimwene anayang'ana kumbali, nkhope ili gwaa. Ine ndinayamba kutsegula pakamwa, koma ndinaona chimwemwe cha bambo, ndinakumbukira maenje a njerwa, ndipo ndinatseka.

Wopalira m'kati ndinali ine. Ukangodutsa mizere yobiriwira ija unkalowa m'munda wina. Chimanga chinali cha m'chiuno, mapesi owonda ngati chala. Masamba apansi ankayamba chikasu kunsonga, chikasucho n'kumatsika motsata mtsempha wapakati, kenako tsamba lonse n'kuuma. Likauma limenelo, lapamwamba pake linkayamba. Chimanga chanjala chimadya masamba ake akale kuti chidyetse atsopano, ndipo ine ndinkachiona chikudzidya chokha tsiku ndi tsiku. Ndinkachita mantha, mantha enieni, oti khasu linkandilemera.

M'mawa wina ndinapeza woumba njerwa uja atanyonyomala pangodya ya kumapeto. Anali atatapa dothi, walinyowetsa ndi malovu, akulipota m'manja mwake.

"Ndikungodutsa, mayi," anatero mwaulemu. Anayang'ana chimanga chachikasucho, kenako ine. "Kuseri kuno chikudwala, eti?"

"Mukufuna chiyani m'munda mwa eni?"

"Palibe. Musadandaule, ine sindikauza munthu. Sindifulumira ine. Dothi silithawa."

Anaika kadothi kopotako m'thumba n'kukwera njinga yake. Ndikanakonda akanandilalatira.

Chimanga chitayamba kutulutsa ngayaye, mvula inadula. Kunachita ng'amba yoti pofika chakumasana dothi linkawotcha mapazi. Choyamba kufota chinali chakumsewu chija, chifukwa masamba akuluakulu amamwanso kwambiri. Dzuwa likangokwera pang'ono ankapindika, munda wonse wakutsogolo n'kuoneka ngati anyezi. Amuna anga anatseka shopu n'kuyamba kutunga madzi m'zigubu m'mamawa, kuthirira mizere yawo yokhayo kuti pofika Lamlungu ioneke yamoyo. Inaonekadi. Koma madzi a chigubu amangonyowetsa pamwamba, ndipo mizu yopeza chakudya ndi madzi pakhomo siivutika kukumba pansi. Tsiku lina ndinakankha phesi limodzi ndi dzanja, linagwedezeka ngati dzino lofuna kuguluka.

"Bambo a ana, tiyeni tiunjikire dothi m'tsinde mwa chimangachi. Chakula thupi, miyendo chilibe."

"Mawa," anatero. "Ndili ndi masuti a anthu akundidikira."

Mawa lakelo linafika Loweruka masana. Kunatentha modabwitsa kuyambira m'mawa, mpweya osayenda, nkhuku zili yasa kukamwa pansi pa mtengo. Kenako kumwamba kunada. Mvula inakhuthuka yambiri nthawi imodzi, yoti dothi louma lija linasanduka phala, ndipo pambuyo pake panabwera mphepo. Ndinali pakhomo la shopu, ndikumva malata akulira. Amuna anga anasiya kupalasa makina. Tinayang'anana.

Itangokata tinathamangira kumunda. Mizere yonse yakumsewu inali itagona, phesi pamwamba pa linzake, mizu ili m'mwamba, yaifupi yomvetsa chisoni. Kuseri kwake munda wonse unali poyera, wachikasu kuyambira apa mpaka kumapeto. Chimanga chanjalacho mphepo sinachigwetse. Chinalibe choti mphepo igwire.

Amuna anga anabwerera kushopu n'kubwera ndi thumba la zidutswa za nsalu. Anazika timitengo, n'kumadzutsa mapesi limodzilimodzi, kumangirira ndi tinsalu tofiira, tobiriwira, tamaluwa. Phesi lina likadzuka, linzake linkagwa. Ena ankathyoka pamfundo n'kutuluka madzi. Ndinafuna kuwanena, mawu ndinali nawo okonzeka kale, koma nditawaona akulimbana ndi mfundo okhaokha ndinangogwira phesi kuti amange. Tinamanga mpaka dzuwa kulowa, ndipo m'mawa tinapeza theka lagwanso.

Galimoto inafika nthawi yake. Ulendo uno bambo sanatsitse galasi, anauza achimwene kuti atsegule chitseko. Anatulutsa mwendo wabwinowo n'kuuponda pansi, n'kukhala choncho akuyang'ana. Anayang'ana tinsalu tija tikuuluzika, anayang'ana chikasu chija. Achimwene, amene ndinkayembekeza kuti aseka, sanaseke n'komwe.

"Mwanawe," bambo anandiitana, "kandithyolere chimodzi. Cha m'kati."

Ndinalowa. Ndinayenda mzere ndi mzere kufunafuna chachikulu, ndikudziwa kuti akundiona, poti tsopano munalibe pobisala. Chimene ndinabwera nacho anachisenda okha pang'onopang'ono. Maso a chimangacho anali apa ndi apo, kunsonga kopanda kanthu.

"Unkadziwa?" anandifunsa.

"Eya, bambo."

"Lamlungu lililonse lija?"

"Eya."

Anagwedeza mutu. Anali atavala malaya amene amuna anga anawasokera chaka chatha, ndipo anatenga chimangacho n'kuchiika m'thumba la pachifuwa. Chinalowa chonse, osatulukira ngakhale nsonga.

"Apongozi," anatero, akusisita thumbalo, "kusoka ndiye mumatha." Anabweza mwendo wawo m'galimoto. "Tiye, iwe," anauza achimwene.

Galimoto itachoka ndi pamene ndinamuona woumba njerwa uja, ataima pangodya ya munda, atatsamira njinga yake. Anandivulira chipewa. Pakaliyala anali atamangirira zikhomo ndi chingwe choyezera.