Pikapu Yokana Kupita ku Katete

Injini inkabangula, koma pikapu yanga yakale sinkasuntha. Ndinaika giya pa D kachitatu, ndikuponda moto mpaka utsi unadzaza pabwalo. Kumbuyo kunali bokosi la amayi anga, azimayi a Chigwirizano atalizungulira, akuimba chapansipansi. Amayi ali m'chipatala anandilumbiritsa kuti ndidzawaike ku Katete, pambali pa abambo.

"Tiyeni tikankhe!" anatero a Obed, mkulu wa mpingo wathu.

Amuna asanu anali pakati pokankha m'matope a ku Kanyama pamene a Webster, makaniko wa kuseri kwa msika, anatulukira.

"Imwe ba Obed, iyi ni otomatiki, si minibasi ya ku Mandevu. Muzakankha mpaka lipenga ikalile."

Anandiletsa kuzimitsa injini. Anasolola kachitsulo koyezera mafuta a magiya, nakapukuta papepala loyera, kenako ananunkhiza.

"Ba Rodgers, mafuta aya yafunika kunkhala yofiira. Onani."

Anali otuwa ngati tiyi wamkaka, athovu.

"Munangena nayo mu manzi?"

Ndinawerama. Dzulo lake, popita kukatenga bokosi, ndinapeza msewu utasefukira. Madalaivala ena ankabwerera, koma ine ndinadula pakati, ndikunena chamumtima kuti Iye amene anagawa Nyanja Yofiira sangandisiye. Madzi anafika pazitseko.

"Rivesi igwira?"

"Yakana."

"Ndiye vavuta. Manzi yaononga maklachi mukati."

"Sinthani chabe mafuta, ba Webster. Napapata. Ninabalonjeza amai."

Anavula chipewa, nayang'ana kumbuyo kwa pikapu.

"Ningasinthe, mwina muzayendako. Koma pa mapiri ya Luangwa izakusiyani padzuwa, na bamayo kumbuyo. Ine siningakunamizeni pa malilo."

Ndinapempha Mulungu chizindikiro, ngakhale chaching'ono. Ndinayesanso giya. Galimoto inanjenjemera, kenako inangokhala.

Ndinazimitsa injini, nayo nyimbo inaleka. Mlongo wanga Edna, atakhala kumutu kwa bokosi, anandiyang'ana osaphethira.

"Tiwaika konkuno, ku manda a ku Chingwere," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Edna anatsika, navula nsapato zake zatsopano, nazipereka kwa mayi wina. Kenako anaima m'matope wopanda nsapato, natambasula manja kuti alandire bokosi politsitsa m'pikapu.