Kabowo ka pa Chivindikiro cha Thanki

Mkwatibwi anali atakhala kale pampando wakumbuyo pamene galimoto yakale yomutengera kuukwati inazima kachitatu pakhomo pa galaja. Ukwati unali woti uyambe pasanathe theka la ola, koma iye anakaniratu kukwera ina, poti iyi inali ya malemu bambo ake.

Makanika anali ataona kale mapulagi n'kutsuka kabuleta. Injini inkalira bwino kamphindi, kenako n'kuyamba kutsokomola, kunjenjemera, basi zii. Thukuta linkamulowa m'maso.

Anatembenukira kwa malume ake a mkwatibwi, amene anali pachiwongolero. "Bambo, dzulo munagwira chiyani?"

"Ine? Kungopukuta, mwanawe. Ndi kumata kabowo ka pa chivindikiro cha thanki. Ndinati fungo la petulo lingalowe m'diresi."

"Munamata ndi chiyani?"

"Guluu, wolimba bwino."

Makanika anathamangira kuthanki. Atapotokola chivindikirocho, thankiyo inakoka mpweya kuti fuu, ngati munthu wovuuka m'madzi. Popanda mpweya wolowa, petulo sankafika kuinjini. Anaboola kabowoko ndi kawaya.

"Lizani!"

Injini inalira. Onse anatchera khutu, kudikira chifuwa chija. Sichinabwere.

"Nyamukani, bambo. Koma guluuyo mundisiyire konkuno."