Kabokosi Koiwalira M'njira

Mawaya anakweranso masitepe a ku shopu, kabokosi kali m'khwapa, thukuta lili kamukamu. Dzinali anam'patsa ndi alamu ake, eni shopuyo, poti tebulo lake silinkaoneka thabwa chifukwa cha mawaya. Ntchito yake inali yolemba pulogalamu ya katchipi kakang'ono ngati chikhadabo, ka m'kati mwa kabokosiko. Ukakalumikiza ku TV, katchipi kankasefa phokoso: nyimbo zitsike, mawu a anthu akwere, kuti a makutu olemera azimva.

Patebulo pake kankamveka bwino. Koma akapita nako kwa bambo ake, amene makutu anali atayamba kuwathawa, kankangothetheka ngati madzi ogwera m'mafuta otentha.

"Bwanji, apongozi anga amva?" anafunsa alamu, osadzutsa mutu.

"Amva kuthetheka."

"Mlamu, ndinanena kale. Dzuwa likalowa kasanalongosoke, mawa tiikamo pulogalamu ya eni tchipi, ija imabwera nayo pogula. A fakitale yopanga timabokositi satidikira."

"Ya eni tchipi ija imamveka ngati munthu ali m'mgolo!"

"Bola mgolo. Mgolo suthetheka."

Chaka chonse cha ntchito ya Mawaya chinali m'kabokosiko. Anakaponya patebulo, nalowetsa kachingwe kochokera ku laputopu, kamene amisiri amati dibaga, kotumizira pulogalamu m'tchipi ndi kusuzumirira zimene ikuchita. Anadina batani. Mafunde a mawu anayenda mosalala pasikirini, sipika n'kulankhula mbee.

"Mwamva? Kali bwinobwino!"

"Ndiye tizigulitsa pamodzi ndi tebulo lakolo," anatero alamu.

Anakhala, nadzuka, nakhalanso. Anasintha chingwe cha TV. Ananunkhiza pulagi. Anagwedeza kabokosi pafupi ndi khutu ngati muli mwala. Tiyi anazizirira pawindo. Kenaka anapinda laputopu ndi mawaya ake omwe.

"Nyamukani, alamu. Mukaone nokha."

Anawapeza bambo ali pampando wawo wa khushoni yophwa, TV ikubangula moti magalasi a m'kabati ankanjenjemera.

"Wabweranso ndi chiwaya chako chokazingira?" anakuwa mkuluyo. "Mkamwini, mwanayu mumam'patsa ntchito kapena mumangom'thamangitsa?"

"Amadzithamangitsa yekha, bambo!" anakuwanso alamu.

Mawaya anagwada pakapeti, nalumikiza zonse, laputopu ndi dibaga yomwe, n'kudina batani. Kuthetheka kunatha. Mawu a wowerenga nkhani anatuluka okhaokha, oyera.

Bambo anaweramira kutsogolo. "Ha! Kani mnyamatayu amalankhula ndithu? Ine ndimayesa amangotafuna."

"Zula chingwe chakocho tione," anatero alamu.

Anazula. Mawu sanasinthe. Mawaya anawomba m'manja kamodzi, nayang'ana alamu ake ndi diso la mwaonatu.

"Chotsa pansipo, ndingapunthwe," anatero bambo. "Kaike pashelufu."

Waya wa magetsi unali waufupi, choncho anazula pulagi, nakweza kabokosi pashelufu, n'kulowetsa pa soketi ya kuseri kwa kabati. Nthawi yomweyo kuthetheka kuja kunabwerera.

Alamu anayang'ana pawindo. Dzuwa linali litatsamira pa denga la nyumba ya kutsidya.

Mawaya anangoti chilili, dzanja lidakali pa pulagi. Pulagi! Ulendo uliwonse ankayamba wazula pulagi. Tchipi ili ndi mosungira muwiri: mwina mwa kanthawi, moiwala magetsi akangozima, mwina mokhalitsa, mmene pulogalamu amailemba kuti isafufutike, kumene amisiri amati kuwotcha. Kuwotcha kumachedwa, ndiye kalekale, pofuna kuti kuyesa kuzifulumira, iye anauza dibaga kuti izingoika mwa kanthawimo. Zonse zimene anakonza chaka chino zinkafera pa soketi ya ku shopu. Kwa bambo kunkafika pulogalamu yakale, ya zolakwika zake zonse.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Sindinawotche."

"Wati chiyani?" anafunsa alamu.

"Ndati khalani chete!"

Anabweza kachingwe, nasankha kuwotcha. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pasikirini ngati nkhono. Mawaya anazungulira tebulo, nasuzumira kukhitchini, nabwerera, akuluma chala. Kamzere katafika kumapeto, anazula kachingwe, nazula pulagi, n'kuipereka kwa alamu.

"Lowetsani ndinu."

Alamu anawerama ndi kubuula, nalowetsa. Kanyali kanayaka. Wowerenga nkhani anapitiriza za mvula ya mawa, liwu lililonse lili gwa.

Alamu anazimitsanso, nayatsanso, kufuna kukagwira bodza. Kabokosi sikanaiwale.

"Mawa upite nako wekha ku fakitale," anatero akudzikuntha fumbi m'mawondo. "Koma laputopu usiye."

Bambo anatenga rimoti, natsitsa TV mpaka magalasi a m'kabati analeka kunjenjemera.

"Inu awiri, kakanganireni panja," anatero. "Mukundisokosera."