Mmene A Sultani Anasiyidwira ndi Takisi ya mu Gemu

Mwana wanga Zakiyya amapanga magemu, awa osewera pa foni ndi pa kompyutawa. Abale a ku Mangochi ndikawauza choncho amangoti, "Musadandaule a Tabia, ntchito aipeza." Ndinatopa nako kufotokoza. Mwanayo sukulu anapita, ali ndi desiki yakeyake pa kakampani kena ku Woodstock, kuno kunja kumene tinasamukira, ndipo nkhani ya mu gemu amalemba ndi iyeyo: uyu anene chiyani, akhotere kuti, akalakwitsa chimuonekere chiyani. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sea Point, za makompyuta sindizidziwa, koma ndimadziwa kuti munthu sabwera kunyumba maso ali psuu chifukwa chosewera.

Zaka zonsezi ankalembera magemu a eni ake, a zilombo ndi mfuti. Chaka chino abwana ake, a Layton, anamulola kupanga yakeyake. Inali ya mtsikana wa kwathu wokhala ku Maitland ngati ifeyo, amene wadzuka mochedwa ndipo ayenera kuthamanga kukafika kumsewu takisi ya kuntchito, minibasi ya kuno, isanamusiye. Zakiyya anaikamo zonse: mphepo ija imatilanda mipango, amayi ogulitsa magwinya, mandasi a kuno, pakona, ngakhale galu wa aneba athu.

Vuto linali lakuti anthu oitanidwa kudzaiyesa ankangothamanga, kukwera takisi, kuika foni pansi n'kufunsa ngati pali khofi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati ndibwerezenso. A Layton si munthu woipa, koma analankhula mosapsatira. Lolemba oyesa abweranso, ndipo akapanda kuikonda, gemuyo itsekedwa, Zakiyya abwerere ku zilombo zake.

Loweruka masana anakhala patebulo ndi laputopu, tiyi mpaka kuzizira. Mtima unandipweteka, koma ine ndikamva chisoni ndimakalipa.

"Iwe, imwa tiyiyo. Shuga sindichita kutola."

Apa n'kuti abambo ake akulowa kuchokera ku mzikiti. A Sultani ndi mlonda pageti la nyumba yosungira katundu ku Montague Gardens. Foni yawo ndi ya mabatani, ndipo zamagemu ankati n'za ana osowa chochita. Anayang'ana mwana, anayang'ana tiyi, n'kukoka mpando.

"Tabweretsa ndione chimene chikukuletsa kudyachi."

Zakiyya anawasonyeza mabatani. Ili n'loyendera, ili n'lothamangira, pamwambapa pali wotchi, ikatha takisi yapita. A Sultani anavala magalasi, anati bisimila, n'kuyamba.

Kamtsikana ka mu gemu kanatuluka m'nyumba bwinobwino. Kufika pakona pa amayi a magwinya aja, kanaima.

"Ababa, thamangani," anatero Zakiyya.

"Batani la moni ndi liti?"

"Lilipo ili, koma n'longokongoletsa. Palibe amalidina."

Analidina. Kamtsikana kanati, "Mwadzuka bwanji?" Amayi aja anangogwedeza mutu. A Sultani anadikira. Wotchi ikupita, iwo ali phee.

"Mukudikira chiyani, bambo a Zakiyya?" ndinawafunsa.

"Ayankhe. Ndiwafunsenso za ana."

Takisi inaliza hutala n'kunyamuka. Anayambiranso. Ulendo uno anapereka moni kwa amayi a magwinya, kwa wometa tsitsi, kwa agogo okhala pakhonde, mpaka kwa mnyamata wosesa pa shopu ya Msomali. Takisi inapita asanafike n'komwe pakati pa msewu. Ine magazi anayamba kuwira, chifukwa khalidwe limeneli ndi lomwe limatichedwetsa ku maukwati. Munthu ameneyu kupita naye kokagula buledi ndi ulendo wa tsiku lonse.

"Ababa, pali njira yachidule," anatero Zakiyya, akuyesa kubisa kuseka. "Mulowe pa chitseko icho, mudutse m'nyumba ya aneba, mutulukire kuseri."

Kamtsikana kanafika pachitseko n'kuimanso. Chitseko chili chotsegula, a Sultani osalowa.

"Nanga pano chavuta n'chiyani?" ndinatero.

"Odi sindinapange. Ndingolowa m'nyumba ya eni ngati nkhuku?"

"Si nyumba yeniyeni imeneyo, ndi zojambula!"

"Zojambula zomwezo zili ndi mwini wake."

Zakiyya anaseka mpaka kugwetsa mutu patebulo, ndipo aka kanali koyamba kumumva akuseka sabata yonseyo. Koma ine ndinali nditapsa mtima ndithu. Mwana ali pamavuto, bambo ali kalikiliki kupereka moni kwa zidole.

"Inu, gemuyi ndi yothamangira takisi. Anthuwo aikidwapo kuti msewu usaoneke wopanda kanthu. Adutseni."

A Sultani anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, osandiyang'ana.

"Mayi a Zakiyya, inenso pageti paja anandiikapo kuti pasaoneke popanda munthu. Amalowa m'mawa, amatuluka madzulo, kungondionetsa khadi maso ali pa foni. Ena tagwira ntchito limodzi zaka zambiri, dzina langa salidziwa. Ndiye ine ndifike muno ndidzadutsenso anzanga? Takisi ipite, ibwera ina."

Anavalanso magalasi n'kudina batani loyambiranso. Munthu ndakhala naye zaka zonsezi, amabwera kunyumba akuseka, za pageti sanandiuzepo. Ndinapita kukatenthetsa tiyi uja kuti asandione nkhope.

Pobwerako ndinapeza Zakiyya wasiya kuseka, akungoyang'ana zala za abambo ake.

"Amama, mwaona? Alephera kambirimbiri, koma akubwerezabe."

Anawalanda laputopu ija pakati pa moni, iwo akudandaula kuti agogo a pakhonde sanatsanzikane nawo. Kuyambira pamenepo mpaka Lamulungu madzulo mwana sanadzuke pampando kupatula nthawi yopemphera swala. Anaimbira mnzake wojambula, wina dzina lake Uchizi, wa ku Rumphi, ndipo ankakangana pa foni ngati akugawana munda. Chimene anachita n'chakuti moni uja anausandutsa gemu yeniyeniyo. Ukapereka moni, wotchi imadya nthawi yako, koma munthuyo amayankha, amakuuza za ana, ndipo mawa lake amakukumbukira. Amayi a magwinya amakuimitsira takisi. Aneba ukapanga odi amakutsegulira kuseri. Ukawadutsa, nawonso tsiku la mvula amakuyang'ana ngati sakukudziwa. Onse sungawapatse moni n'kuipeza takisi, ndiye usankhe wekha woti umukhumudwitse lero.

Lolemba ndinapsereza kolala ya malaya a abwana anga ndi ayironi, maganizo ali ku Woodstock. Foni inalira cha m'ma thwelofu.

"Amama, oyesa aja akukana kubweza mafoni. Wina wakwiya kuti agogo a pakhonde amunyanyalira, akuti sachoka mpaka agwirizane."

"Nanga a Layton?"

"Akusewera. Andiuza kuti ndisawasokoneze."

Ndinakhala pansi m'khitchini ya eni ake n'kulira, kolala ili m'manja.

Patapita miyezi, kampani inaitana anthu kudzaona gemuyo isanatuluke, ndipo ife tinapita. A Sultani anavala mkanjo wa pa Idi ndi kofiya yoyera. M'chipindamo munali makompyuta mzere wonse, achinyamata a mitundu yonse atavala zomvera m'makutu. Zakiyya anatigwira manja n'kutiimika kumbuyo kwawo.

"Ababa, pali gawo lina simunalione."

Takisi ikafika, kamtsikana kaja kamatsika pa geti la kuntchito. Pagetipo panali mlonda wa jekete yabuluu, magalasi ali pamphuno, kofiya yoyera, ndi kamimba komwe ine ndimakadziwa bwino. Geti linali lotsegula, munthu ukhoza kungodutsa. Koma mtsikana wachizungu amene anali patsogolo pathu anaimitsa kamunthu kake n'kudina batani. Mawu anatuluka m'Chichewa, Chingelezi chili m'munsi.

"Mwadzuka bwanji, a Sultani?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu?" anayankha amuna anga mokweza, dzanja lili pachifuwa, wa mu gemu asanatsegule n'komwe pakamwa.

Pa kompyuta yachiwiri mnyamata wina anali atafikanso pageti, nayenso anaima. Yachitatu chimodzimodzi. A Sultani anayamba kuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa mipando, kuyankha aliyense payekhapayekha, ana a eni ake osamva n'komwe chifukwa cha zomvera zija. Zakiyya anandinong'oneza kuti basi yobwerera ku Maitland yatsala pang'ono kunyamuka.

"Isiye ipite," ndinamuuza. "Abambo ako sanamalize."