Miyala ya pa Geti la Amake Towela

Wilbroad Miti anatsika basi pa siteshoni ya Intercity Loweruka m'mawa ali ndi timatumba khumi ndi tiwiri ta miyala. Onyamula katundu a pamenepo, amene amathamangira ngakhale munthu wonyamula nyuzipepala yokha, atangoyesa kamodzi anayamba kuyang'ana kumbali ngati aitanidwa kwina. Iye analibe nazo ntchito. Anakweza yekha katundu wake m'takisi, ulendo wa kunyumba ku Kabwata.

Miyalayo inali yotuwa, yosakongola, yoti ngakhale galu sungamugende nayo pagulu. Koma ntchito yake yonse inagona pamenepo. Wilbroad anali kapitawo wa kamgodi ka golide ku Rufunsa, ka Mayi Beatrice Chishimba a ku Kabulonga, amene anagula mgodiwo asanalowemo ndipo mpaka lero sanalowemo. Kwa miyezi isanu ndi iwiri iye ndi amuna khumi ndi anayi ankaboola njira yatsopano pansi pa nthaka, kulunjika kumene ankakhulupirira kuti kuli mtsempha wa golide. Ntchito imeneyi ndi yosayamikika. Uphulitse, ukoke, uchirikize denga, chotuluka ndi mwala wachabechabe basi. Wilbroad, amene anakalambira m'migodi ya mkuwa ku Mufulira, ankangoti walira mvula walira matope. Mayi Chishimba ankati iwo analira golide, osati matope.

Ndiye panali Dingani, msuweni wa mayiwo, munthu wa nsapato zosongoka amene analowa mumgodi kamodzi n'kutuluka katswiri. Kumalo akale anaona mizati ya mwala imene okumba oyamba anaisiya dala, golide akuoneka ndi maso. "Nanga tivutikila chani?" anatero. "Golide ili apa, chotsani mapila." Sanafunse chifukwa chake mizati inasiyidwa. Ndiyo inagwira denga limene amuna aja ankadutsa pansi pake m'mawa ndi madzulo. Mayi Chishimba anagamula motere: pofika Lachitatu Wilbroad abweretse pepala la oyeza miyala losonyeza kuti njira yake yafika pa golide. Apo ayi, makiyi apita kwa Dingani.

Nchifukwa chake katumba kalikonse kanali ndi nambala. Ka wani kanachokera mamita khumi ndi awiri kumbuyo, ka thwelofu kumapeto kwenikweni kwa njira. Anatindandalika pakhonde la kuseri, n'kuuza mkazi wake Helen kuti Lolemba apita nato koyeza. Helen anavomera "ee" wa munthu amene akuwerenga makapu mumtima, pakuti masana amenewo amayi a Chigwirizano ankabwera kudzapemphera pakhomopo. Wilbroad anangoti agoneko pang'ono.

Anadzuka thwelofu koloko itadutsa, mvula itakata. Pakhonde panali mbee. Pachingwe choyanika zovala panali timatumba khumi ndi tiwiri, tochapidwa bwino ndi sopo, tikudontha madzi, manambala atatsala mthunzi wokha.

"Amake Towela! Myala yanga ili kuti?"

"Pa geti," anayankha Helen ali kukhitchini. "Imwe simunaone matika? Azimai avala voyela. Mufuna akangene m'nyumba monga achoka ku dimba?"

Wilbroad anathamanga opanda nsapato. Kuchokera pamsewu kufika pageti, pamene chaka chilichonse pamakhala chithaphwi, panali kanjira kokongola ka miyala yotuwa, kopondedwa bwino. Thukuta la miyezi isanu ndi iwiri linali litasanduka mlatho wa amayi a mpingo. Anagwira mutu. Mwala wa mumgodi ukasokonezeka ndi unzake watha ntchito, chifukwa ngakhale utakhala ndi golide sungadziwe kumene unachokera. Kubwerera ku Rufunsa kukasema ina, Lachitatu likhala litadutsa. M'maganizo anaona nkhope za anyamata ake a kumgodi, Jonas amene mkazi wake anali woyembekezera, ndi mkulu Nsofwa wa chifuwa chosatha.

Amayi anafika, naponda miyalayo mmodzimmodzi akuyamikira. Kenaka, ngati kuti tsiku silinakwane, kunatulukira galimoto lalikulu loyera. Linakwera kanjira kaja n'kuima mphuno itagunda geti. Anatsika Mayi Chishimba, ochokera ku msonkhano wa amayi ku Woodlands, fungo la mafuta onunkhira litatsogola.

"Shani, ba Miti? Namvela mwabwela na masampo. Nifuna nione na menso yanga."

"Mwaimililapo, madamu," anatero Wilbroad.

Anafotokoza zonse, mawu akutuluka movutikira ngati wilibala pamchenga. Mayi Chishimba anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti mwina ichi n'chizindikiro. Anthu a mpingo wawo sachedwa kuona zizindikiro, makamaka zogwirizana ndi zimene anaganiza kale. Anatulutsa foni kuti aimbire Dingani.

"Nindani akamba ati nasakaniza?"

Anali Helen, ataima pakhomo ndi thireyi ya makapu, nkhope itakwiya. Mayiyu anaphunzitsa giredi thu zaka makumi atatu, ndipo m'nyumba mwake ngakhale masupuni amagona motsata msinkhu.

"Ine nisakanize vintu vili na manambala? Wani nathila ku mseu. Thu nakonkhapo. Thwelofu ili pa geti. Muniona monga nine wa bwanji, Atate Towela?"

Wilbroad anamuyang'ana mkazi wakeyo ngati akumuona tsiku la chinkhoswe. Anagwada m'matope, nayang'anitsitsa. Zoonadi, miyala inkasintha maonekedwe pang'onopang'ono kuchokera kumsewu, ndendende ngati khoma la mumgodi. Oyeza a m'tauni sakanailandira miyala yotoledwa pamsewu, koma iye anaphunzira ntchito kusanabwere makina ambiri. Anakatenga kamtondo kake kachitsulo, kamene Helen anadzalamo duwa, ndi chiwaya chakuda chokazingira mazira. Duwa analikhutula. Helen analitola, nalisamutsira m'chitini.

"Madamu, nipaseniko awa imozi chabe."

Njira yake ndi yakale. Umasinja mwala mpaka ukhale ufa, n'kuuzunguza m'madzi. Zopepuka zimapita, zolemera zimatsala, ndipo ngati muli golide amadzionetsa kumapeto ngati kamzere kachikasu kamene okumba amakatcha mchira. Wilbroad anayamba kusinja nambala wani. Amayi a Chigwirizano anapirira mphindi ziwiri zokha. Mayi wina wa ku Katete, Emmy Sakala, anavula bulauzi yoyera ya pamwamba, namulanda musi.

"Chokanipo, abambo. Mutwa monga mupempha chikhululuko."

Pemphero linayamba lasintha malo. Amayi anazungulira mtondo, akulandizana musi, nyimbo ya mpingo ikuyenda ndi kugunda kwa chitsulo. Anthu a m'mafulati anasuzumira m'mawindo. Minibasi ina inachepetsa liwiro, kondakitala n'kufunsa ngati pali maliro kapena chilanga mulilo, mwambo wophikira mkamwini.

Nambala wani: mchenga wokha. Faifi: mchenga. Eyiti: mchenga, ndi kachidutswa ka botolo. Mayi Chishimba anayang'ana wotchi. Wilbroad ankadziwa kuti zoyambazo zikhala zopanda kanthu, koma kudziwa ndi kwina, kuona chiwaya chopanda kanthu pamaso pa bwana ndi kwinanso. Teni: mchenga basi. Bwanji ngati analakwitsa? Bwanji ngati mtsemphawo unakhota, iye n'kukokera amuna khumi ndi anayi m'mwala wouma miyezi yonseyi chifukwa cha liuma la ukalamba? Leveni inaonetsa timadontho tiwiri, tochepa kuposa mchere wogwera patebulo.

"Ndiye golide yamene iyi?" anafunsa Mayi Chishimba. "Ba Miti, mapila ya Dingani yaoneka na pa foni."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero Emmy, osatukula mutu.

"Yasala thwelofu," anatero Wilbroad.

Anaifunafuna thwelofu, osaipeza. Helen analoza ndi chibwano. Inali pansi pa tayala la kutsogolo la galimoto loyera lija. Mwini mgodi anachita kubweza galimoto lake kuti achoke pamwamba pa chuma chake, amayi akumulondolera onse nthawi imodzi, wina kumanja wina kumanzere.

Ufa wa thwelofu Wilbroad anauzunguza pang'onopang'ono. Nyimbo inaleka yokha. Madzi ofiira anatayika, kenaka otuwa, kenaka panatsala kamchenga kakuda kodzaza supuni. Anapendeketsa chiwaya, nachigogoda ndi chala m'mbali. M'mphepete mwa kamchenga kakuda kaja munatuluka mchira wachikasu, wowonda ngati ulusi, wautali ngati chala chake cha mkombaphala.

Emmy anayimba nthungululu. Mayi Chishimba anawerama mpaka ndolo zinatsala pang'ono kulowa m'madzi.

"Ni kang'ono," anatero, koma mawu atafewa.

"Kachoka mu myala ya kumanja kumozi, madamu. Kuja kuli chipupa chonse, futi tangofika chabe pa mulomo." Anapukuta manja pa buluku. "Mapila yali na golide, zoona, siningakane. Mungadye myezi itatu. Manje pamene izagwa denga, si Dingani azayenda kuuza mukazi wa Jonas. Nine. Ndiye ngati makiyi ni ya Dingani, tengani lelo, koma uzani bantu banga bachoke pansi poyamba."

Mayi Chishimba anakhala nthawi akuyang'ana kaulusi kaja. Sanali munthu woipa, anali munthu amene sanaimepo pansi pa denga la mwala. Anafunsa kuti mkazi wa Jonas ali ndi miyezi ingati. Wilbroad anati isanu ndi itatu. Iwo anatulutsanso foni ija.

"Dingani? Mapila usayagwile. Awe. Nakamba usayagwile." Anamvetsera pang'ono. "Ngati uyafuna maningi, tenga matilesi ukagone pansi pake wiki imozi, elo tikambe."

Anadula foni, n'kufunsa ngati kumgodi kuli chisoti ndi majombo a saizi sikisi, chifukwa Lachitatu akufuna akalowe aone okha khoma limenelo.

Wilbroad anayankha mwaulemu monga kapitawo kuti zipezeka. Anakhala pansi pomwepo, m'chithaphwi, chiwaya chili pamiyendo, n'kuimbira mkulu Nsofwa ku Rufunsa. Foni inayankhidwa. Kumbali inayo kunkamveka chifuwa chija, ndi phokoso la amuna akusonkhana kuti amve.

"Kapitao, kambani," anatero Nsofwa. "Tilonge vovala?"

"Nolani majombolo yoboolela myala," anatero Wilbroad, misozi ikutsikira m'chiwaya. "Mande tipitiliza kutsogolo."